Chimanga cha M'chipinda cha Anasimbi

Amene anayamba kuwaitana kuti Anasimbi sakudziwika, koma dzinalo linawamatirira ngati chingamu kunsi kwa nsapato. Ntchito yawo inali kusita zovala za anthu. Ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, pomwe masitepe amathera, m'chipinda chimodzi momwe munali bedi, tebulo lositirapo, mbaula yamagetsi, ndi chingwe choyambira khoma ili kukafika khoma ilo, cholendewera malaya a eni ake. Zenera linali limodzi, lalikulu ndithu, loyang'ana kotulukira dzuwa, koma silinkatsegulidwa. Kunsi kwake kunali msewu wa mabasi, ndipo utsi wa basi ndi malaya oyera sizimwerana madzi.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, yemwe ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe batani lozimitsira. Banja litatha, bambo ake anamutenga n'kukamusiya kwa mlongo wawo, kutali ndithu, kumene kuli bwalo losewerera, minda, ndi sukulu pafupi. Anasimbi sanakane. Akanakana ndi chiyani, m'chipinda momwe mwana akangotambasula mkono wagunda simbi yamoto? Anagwirizana kuti azibwera sukulu ikatsekera. Koma mukudziwa mmene zimakhalira: tchuthi china msewu waipa, china azakhali atanganidwa, china mwana ali ndi chimfine. Mwana amakula ngati dzungu, ndipo Anasimbi ankaopa kuti tsiku lina adzatsika basi munthu wina wake yemwe sadziwana naye. Mantha amenewa ndiwo ankawadya, ngakhale sanauzepo munthu.

Ulendo wina Wailesi atabwera, kutatsala pang'ono kuti abwerere, anatapa chimanga cha mbuliwuli m'kapaketi komwe amayi ake anagula kuti akazinge, n'kuchifumbata m'manja.

"Amayi, ichi tidzale."

"Tidzale pati? Pabedi?"

"M'ndowa zija zili pakhonde. Wopenta uja anazisiya, ndipo sabweranso, ndinamuona nkhope yake."

"Chimanga sichimera m'nyumba, iwe."

"Munayesapo? Kwa azakhali timadzala, ine ndimadziwa. Inu ntchito yanu ndi kuthirira basi."

Anasimbi anali asanayesepo. Anabadwira m'tauni, anakulira pa phula, ndipo khasu ankangoliona litapachikidwa m'sitolo. Koma Wailesi akalimbikira chinthu, kumukaniza kunali kutaya malovu. A Zigamba, bambo wachikulire wosoka nsapato yemwe ankakhala tsiku lonse kunsi kwa masitepe, anawaboolera ndowazo pansi ndi msomali, n'kuwalozera kuseri kwa galaja komwe kunali dothi lakuda. Mayi ndi mwana analikweza pang'onopang'ono m'majumbo, akupumira m'njira. Ndowa zinandandalikidwa pazenera, Wailesi n'kubaya dothi ndi chala, kuponyamo njere, kukwirira.

"Muzithirira, musachiiwale. Ndikadzabwera tidzakonola tonse, tidzakazinge. Musadzayambe ndisanafike, mwamva?"

"Ndamva, abwana."

Atapita, m'chipinda munangoti zii. Munthu wosita zovala amakhala ndi anthu ambiri m'nyumba koma onse opanda mitu: malaya a uyu, diresi la uyo, mayunifolomu a ana a ena. Eni ake amafika pakhomo, kusiya jumbo, kufunsa tsiku lodzatenga, n'kutsika. Palibe amene amakwera masitepe onsewo kuti adzangocheza. Anasimbi ankadya ataimirira, mbale ili pakona pa tebulo lositira, chifukwa kuyala bwinobwino patebulo uli wekha kumangokukumbutsa kuti uli wekha.

Ndiye m'mawa wina anaona timitu tobiriwira titatumphuka m'dothi, tosongoka ngati mano a foloko. Anaseka okha mokweza, mpaka anadzidabwa. Kuyambira pamenepo ntchito inawonjezeka. Ankathirira ndi madzi otsukira mpunga, ankapotoloza ndowa kuti mapesi asapendekere kuzenera, ankapukuta galasi kuti dzuwa lilowe lonse. Chingwe cha zovala anachisunthira kumbuyo, bedi analikankhira kukhoma, iwo n'kumayenda chammbali ngati nkhanu. Mwini nyumba anali chimanga tsopano, Anasimbi anali alendi.

Masiku oyamba Wailesi ankaimba pa foni ya azakhali ake, asanapereke n'komwe moni: "Chamera? Chafika pati? Ikani foni pafupi ndimve!" Pambuyo pake mafoni anayamba kufupika. "Muli bwanji, amayi? Ine ndili bwino. Kusukulu kuli bwino." Kenako duu, aliyense akumva kupuma kwa mnzake. Zikafika pamenepo Anasimbi ankathamangira ku chimanga.

"Chandifika m'chiuno, iwe."

"Eti?"

"Tsamba lina lafika kale pakati pa zenera. Ukachiona sudzakhulupirira."

Mwanayo ankaseka pang'ono, n'kufunsa funso limodzi kapena awiri, mawu ake akale n'kubwerera kwa kanthawi. Anasimbi anazindikira kuti pakati pa iwo ndi mwana wawo panatsala nkhani imodzi yokha yomwe inali yawo awiri, yosadutsa kwa bambo ake kapena kwa azakhali. Nkhaniyo inali m'ndowa za penti.

Chimanga chinakula, chowonda ngati mwana wa m'tauni, koma chinakula. Chitawapitirira msinkhu, kumutu kwake kunatuluka ngayaye, timiphanda tija timamera pamwamba pa phesi. Anasimbi anaziona ngati zokongoletsa chabe.

Pakati pa makasitomala awo panali bambo wina woperekera zakudya pa hotela, yemwe pamalopo ankamutcha a Weta. Malaya awo anali oyera okhaokha, ndipo powalandira ankayang'ana kolala pafupi ndi diso ngati akufunafuna nsabwe. M'mawa wina Anasimbi anali atawaza madzi malaya a a Weta n'kuwaunjika patebulo. Potembenuka anagunda phesi ndi chigongono. Kunagwa fumbi lachikasu, losalala, lomwe linkaoneka bwino mu kuwala kwa dzuwa, n'kutera pa malaya onyowa aja. Iwo osaona, anapitsapo simbi yamoto. Fumbi linakanirira pa nsalu, kusiya timadontho tachikasu pachifuwa ponse.

Anachapanso, anasitanso, koma a Weta anali ndi maso.

"Mayi, ine ndimaimirira pamaso pa anthu akudya. Ndiziwaperekera supu nditavala supu kale?"

"Pepani bambo, sizidzachitikanso."

"Munda ndi malaya sizikhalira pamodzi. Osita ndi ambiri mumsewu muno."

Atatsika, Anasimbi anayang'ana chipinda chonse. Fumbi lija linali pawindo, pamasamba, pansi, ngakhale pa pilo. Moyo wawo wonse analimbana ndi fumbi, ndipo fumbi lililonse kwa iwo linali mdani. Anatenga sizasi, kukwera pampando, n'kudula ngayaye zonse, imodzi ndi imodzi, mosamala kuti phesi lisavulale. Anazikulunga m'nyuzipepala n'kukaziponya m'bini. Atabwera anapukuta tsamba lililonse ndi nsalu yonyowa mpaka linawala. Musawaseke. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma akanafunsa ndani? Malaya?

Posakhalitsa m'mbali mwa mapesi munatuluka tiana ta chimanga, ndipo kunsonga kwake kunatuluka ndevu zofewa, zobiriwira motuwa, zina zofiirira. Zinkatalika tsiku ndi tsiku, mpaka zinayamba kulendewera. Anasimbi ankazisalaza ndi zala monga ankachitira ndi tsitsi la Wailesi asanaliluke. Pa foni anadzitama.

"Ndevu zake zaposa za agogo ako aamuna. Kudzakhala mbuliwuli zodzaza beseni."

"Musadye nokha," anatero Wailesi, n'kuseka ndithu, kuseka kwenikweni kuja.

Chimwemwe chosaonetsa munthu chimalemera. Tsiku lina Anasimbi anatsika n'kukawanyengerera a Zigamba kuti akwere adzaone. Bamboyo anali ndi mawondo ovuta, ndipo anakwera akudandaula sitepe iliyonse. Atalowa anayang'ana ndevu, anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ananso ndevu.

"Ngayaye zili kuti?"

"Za kumutu zija? Zinkandidetsera malaya. Ndinadula."

A Zigamba anakhala pabedi osauzidwa.

"Zonse?"

"Zonse. Bwanji?"

"Mayi inu. Fumbi limenelo ndi mungu, ndiye mwamuna wake wa chimanga. Kumunda mphepo ndi imene imautenga n'kuugwetsera pa ndevuzi. Ndevu iliyonse ikalandira, m'katimo mwabadwa njere imodzi. Muno mulibe mphepo, ndiye inu mukanangomagwedeza mapesi m'mawa ndi dzanja, basi, ntchito yatha."

"Koma taonani mmene zikutalikira! Chodwala chingatero?"

"Zikutalika chifukwa zikudikira. Zikalandira zimasiya."

Anasimbi anagwira tebulo. 

"Ndiye nditani, bambo?"

"Mukapeza kwina ngayaye yaiwisi, yomwe ikugwetsa kumene, thamangani nayo. Koma nyengo ino ndani ali ndi chimanga? Ndipo ndevuzi sizidikira mpaka kalekale."

M'mawa mwake sanalumikize simbi. Anayenda m'mbali mwa njanji, komwe anthu amabera kamunda nthawi ya mvula, koma anangopeza mapesi ouma atagona pansi. Anasuzumira m'mipanda ya eni, agalu akuwauwa. Anafunsa amayi ogulitsa masamba pamsika, iwo n'kuwayang'ana ngati azungulira mutu: munthu wamkulu kufunafuna fumbi? Madzulo, kuseri kwa malo otsukira mabasi, pomwe paipi inkadontha, anapeza phesi limodzi lomera lokha. Ngayaye yake inali yotuwa kale. Anaithyolabe, kuinyamula m'jumbo ngati dzira, kukwera nayo masitepe akuthamanga. Anaigwedeza pamwamba pa ndevu mpaka mkono unawawa. Zomwe zinagwa ndi timankhusu touma basi.

Ndevu zinadikira, kenako zinatopa. Zinafota, zinada, zinauma. Patapita masabata Anasimbi anasenda chimanga chimodzi. M'kati mwa makoko munali chitsononkho choyera, chosalala ngati nkhama za khanda. Anasenda china, chimodzimodzi. Anakhala pansi pakati pa ndowa n'kulira, osati kulira kwa phokoso, koma kuja misozi imangotsika yokha iwe uli duu. Madzi akatayika sawoleka. Kudzala china nthawi inali itatha, chifukwa sukulu inali pafupi kutsekera.

Azakhali a Wailesi anaimba foni. Ankabwera m'tauni Loweruka kudzatenga magalasi a maso kuchipatala, ndiye abwera naye mwana, koma abwerera tsiku lomwelo chifukwa kunyumba kulibe wosiyira. Kenako anapatsira Wailesi.

"Chakhwima, amayi?"

Apa ndi pomwe Anasimbi akananena zoona.  Koma anaganiza za duu uja wa pa foni, mmene adzatalikire chimanga chikachoka pakati pawo, ndipo anazimeza.

"Chakhwima, mwanawe. Bwera udzaone."

Lachisanu anapita kusitolo n'kugula paketi ya chimanga cha mbuliwuli. Anachikhuthulira m'mbale yagalasi, paketi n'kukaitaya m'bini ya msewu wina. Zitsononkho zopanda kanthu zija anazithyola zonse n'kuzitaya komweko. Mapesi anawasiya ataima pazenera kuti akhale mboni. Munthu wosazolowera kunama amaiwala kuti mboni nayo ili ndi pakamwa.

Loweruka anakolopa kawiri, anachotsa malaya onse pachingwe n'kuwapinda, anavala diresi lawo labwino. Chakumasana anamva mapazi pamasitepe, kenako kugogoda. Wailesi anali asanagogodepo pakhomo limenelo chibadwire.

Anali atatalika, tsitsi litalukidwa mwa mtundu wina, ndi manja a munthu wina. Amayi ake anamukumbatira, iye n'kuwagwira pang'ono kumsana, ngati akuopa kukwinya diresi. Azakhali, mayi wonenepa wolankhula mokweza, analowa akupukuta thukuta, akutukwana masitepe, n'kudzigwetsa pampando. Wailesi anakhala kumphepete kwa bedi, mawondo pamodzi, manja pamiyendo.

"Muli bwanji, amayi?"

"Ndili bwino, mwanawe. Taona munda wako!"

Anasimbi anatenga mbale ija n'kumuonetsa, akulankhula mofulumira. "Chinauma msanga ndi dzuwa la pazenerali, ndiye ndinaopa anankafumbwe. Ndinangoti ndikonoleretu. Usakwiye."

Wailesi anaimirira n'kupita pazenera. Anaweramitsa phesi limodzi, kugwira nsonga yake pomwe sizasi inadutsa, n'kuyendetsapo chala. Anagwira phesi lachiwiri, lachitatu. Kenako anatola njere imodzi m'mbale, yonenepa, yonyezimira, yofanana ndendende ndi zinzake zonse, n'kuitembenuza. Anakweza maso kuyang'ana amayi ake.

Wadziwa. Anasimbi anaona kuti wadziwa. Ndipo chodabwitsa n'chakuti m'malo mochita mantha, mtima wawo unadumpha ndi chiyembekezo. Ankafuna agwidwe. Ankafuna mwanayo aike manja m'chiuno, awakalipire, awaseke mpaka agwe pansi, afotokozere masitepe onse kuti amayi ake anameta chimanga ngati mutu wa mwana wa sukulu. Mwana amene amakukalipira ndi wako.

"Chabereka bwino, amayi," anatero Wailesi. "Mwayesetsa."

Azakhali anali atavala magalasi awo atsopano, ndipo ankayesa kuona chilichonse. Anapendeketsa mutu kuyang'ana mapesi.

"Koma alamu, ngayaye zake..."

"Azakhali, chikwama cha magalasi chija mwachiika pati?" Wailesi anawadula. "Mwachisiya m'basi, eti?"

Azakhali anayamba kupapasa m'chikwama mwawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anasimbi anaika poto pa mbaula, kuthira mafuta, kuthira chimanga, kuvundikira. Chinayamba kuphulika, pha pha pha, chivundikiro chikuvina. Kale phokoso limeneli Wailesi ankalivinira, ankatsegula poto dala kuti mbuliwuli ziuluke azitola pansi. Lero anakhala phee mpaka zinatha. Anatapa pang'ono, kudya imodziimodzi, n'kunena kuti zikukoma. Amayi ake atamuonjezera anakana mwaulemu, ati wakhuta. Azakhali ndi amene anamaliza mbale, akufotokoza za mzere wa kuchipatala ndi za dokotala wa maso yemwe anali wamwano.

Atatha, Wailesi anatenga mbale kuti atsuke.

"Sopo mumaika pati, amayi?"

"Pomwe paja, iwe. Wayiwala?"

"Oo, pepani."

Pepani. Anasimbi anayesa nkhani ya sukulu, ya anzake, ya nsapato ngati zikumukwanabe. Mayankho onse anali abwino, aafupi, opanda chilema, ositidwa bwino. Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti anene zoona za chimangacho, koma azakhali anali pomwepo, ndipo mwanayo anali atatseka kale chitseko chimenecho ndi ulemu wake. Munthu angaulule bwanji kwa amene wamukhululukira asanapepese?

Dzuwa litapendeka azakhali anayang'ana foni n'kunena kuti basi iwasiya. Anasimbi anaika mbuliwuli zotsala m'jumbo kuti adye m'njira. Pakhomo anamugwira mwana wawo dzanja, osafuna kulisiya.

"Tidzalenso china ukadzabwera?"

"Musavutike, amayi. Ntchito yanu ndi yambiri kale. Zikomo potilandira."

Anayamba kutsika, azakhali patsogolo akugwira chitsulo cha masitepe, mwana pambuyo. Anasimbi anatsala pamwamba, atatsamira chitsulocho. Masitepe a nyumba yosanja amakweza mawu ngati paipi, chonong'onedwa pansi chimamveka kumwamba. Atangokhota kawiri, wailesi inayatsidwa. Mawu aja anabwera onse, akuthwa, othamanga, odzaza moyo, omwe Anasimbi anawadikira miyezi yonseyi.

"Azakhali inunso, pakamwa! Magalasi mwangowatenga lero, mwayamba kale kuona zosakukhudzani?"

"Iwe, ine ndimangofunsa. Chimanga chodula ngayaye chinaberekapo liti?"

"Ndiye mumafuna muwachititse manyazi? Si inu nomwe mumandiuza kuti kwa eni ake sitilankhula chilichonse chomwe taona?"

Azakhali anaseka, mwanayo n'kupitiriza kuwakalipira, za chikwama cha magalasi, za kuyenda pang'onopang'ono, za basi yomwe iwasiye chifukwa cha iwo. Anasimbi anamva nsanje yoopsa pa mayi wonenepa uja, yemwe ankatsika masitepe akukalipiridwa osadziwa n'komwe kuti ndi mwayi. Anaima pomwepo, akumvetsera mawu a mwana wawo mpaka chitseko cha pansi chinatsekeka.